Tsiku Limene Ndinakhala Chete M'nyumba ya Mayi Leya

Tamanda mwana wanga,

Watuluka kukatsanzikana ndi anzako a ku yunivesite ku Drumcondra, kuno ku Dublin, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe nyumba ikadali zii. Ukundidziwa, pakamwa ndine wolemera. Ndikati ndiyambe nkhani iwe umangoti, "It's fine, Mum," ine n'kumeza zotsalazo ngati phala lotentha.

Mwezi watha unandifunsa tili m'khitchini kuti, "Amayi, ndipite kapena ndisapite?" Unafunsa m'Chichewa, chinthu chimene suchita pokhapokha mtima ukakuwawa. Ine ndinati, "Zili ndi iwe," n'kupitiriza kutsuka mbale. Kuyambira tsiku limenelo timangodutsana pakhomo la bafa ngati anthu a lendi. Mawa ukukwera ndege kupita ku Lilongwe, kubwerera ku dziko limene unalisiya uli ndi zaka seveni, kukagwira ntchito ndi bungwe lothandiza amayi ofuna uphungu wa nyumba ya malamulo, ndipo ukupita ukuganiza kuti mayi ako alibe nazo ntchito. Chimenechi ndicho chikundidya. Funso lako ndiliyankha, koma uyambe wamva za Mayi Leya.

Iwe umangowadziwa ngati agogo a ku Terenure amene ndinawasamalira zaka zitatu, aja ankakutumizira mabuku olemera onunkha chinyezi. Unkadziwa kuti anali Myuda komanso kuti kale anali phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko lino. Zambiri sindinakuuze, chifukwa nkhani yawo ikamatha ine sindimaoneka bwino. Ejensi ya osamalira okalamba inanditumiza kumeneko pamene zinthu zimayamba kuvuta muno, makina omangira nyumba ataima ngati atha mpweya, anzanga akuchotsedwa ntchito Lachisanu lililonse. Ndinkakwera mabasi awiri kuchokera kuno ku Ballymun, ndipo ndinalowa m'nyumba imeneyo ndi lamulo limodzi mumtima: Esinati, kwa eni kulibe mkuwe, gwira ntchito, tseka pakamwa.

Cholakwa changa choyamba chinali cha mpeni. Khitchini yawo inali ngati makhitchini awiri m'chipinda chimodzi. Mwa mwambo wa chipembedzo chawo, mbale, mipeni ndi tinsalu tofiira zinali za nyama, zabuluu zinali za mkaka, ndipo ziwirizi sizinkakumana ngakhale mu sinki. Sabata yachiwiri, ndikuthamangira basi, ndinatenga mpeni wofiira n'kudulira tchizi, chakudya cha mkaka. Nditazindikira ndinaupukuta msangamsanga n'kuubwezera. Iwo ali pampando anafunsa kuti, "Esinati, mpeni uja wadulira chiyani?" Ine, "Buledi, Mayi." Anadzuka ndi ndodo yawo, anatenga mpeniwo, n'kukauzika m'dothi la mphika wa maluwa pawindo. Mayo ine! Ndinati apa ndiye ndalodzedwa. Ndinapemphera m'basi njira yonse mpaka kufika kuno. M'mawa mwake nditawafunsa, anaseka mpaka kutsokomola. Anati amayi awo ankatero poyeretsa mpeni, ngakhale aphunzitsi a chipembedzo chawo amati dothilo palibe chimene limachita. Kenaka anasiya kuseka. "Mpeni si nkhani," anatero. "Koma iwe ndiwe umandipatsa mankhwala. Ukandinamiza za tchizi, za mapiritsi ndidzakukhulupirira bwanji?" Tamanda, kumene ukupitako ukalakwa, nena wekha asanakufunse. Manyazi a tsiku limodzi sapha munthu, ine ndinawaona ndipo ndili moyo.

Pambuyo pa mpeni uja ndi pamene anayamba kundiuza za moyo wawo, makamaka ndikamawapesa tsitsi. Bambo awo anali telala. Iwo anayamba ngati mphunzitsi, ndipo ndale anazilowa chifukwa ana a m'kalasi mwawo ankabwera akutsokomola, nyumba zawo zikudontha. Masiku amenewo wofuna mavoti ankaima pachipata cha tchalitchi Lamulungu misa ikamatha. Tangoganiza, mkazi wa Chiyuda, wamfupi ngati ine, ataima pa bokosi pachipata cha tchalitchi cha eni, mvula ikumukwapula! Ena ankawapatsa moni, ena ankadutsa ngati aona mtengo. Mayi wina anawauza pamaso kuti, "Ndinu munthu wabwino, koma voti yanga siingapite kwa anthu a mtundu wanu." Iwo anamuyankha kuti, "Chabwino, koma denga lanu likudonthabe, ndipatseni adiresi." Anapambana atayesa kachitatu. M'nyumba ya malamulo akazi ankawerengeka ndi zala, ndipo wa chipembedzo chawo pakati pa akaziwo anali iwo okha.

Aphungu anzawo ankakumana ndi anthu a m'dera Loweruka, m'kachipinda ka kuseri kwa bala. Kwa iwo Loweruka linali Sabata, ndiye anasankha Lachinayi, anthu n'kumanena kuti mayiyu ndi wodzimva. Za maliro ndiye usanene. Kuno phungu wosapita kumaliro ndi phungu wa kanthawi, chimodzimodzi kwathu, kungoti kwathu amagulanso bokosi. Mayi Leya anati analowa m'matchalitchi ambiri kuposa ansembe ena, atayima kumbuyo, osagwada, osalandira mkate, koma alipo. Iwenso ukafika, maliro a mnansi usawaphonye. Uike chitenje m'chikwama nthawi zonse, ndipo ukakhale pansi ndi amayi anzako, usakaime chilili ngati mlendo wa boma.

Cholakwa changa chachiwiri ndinachichita kwa chaka chathunthu, ndikuchiyesa ulemu. Masana ankaonera zokambirana za nyumba ya malamulo pa TV, akukalipira anthu a mugalasimo ngati akuwamva. Inali nthawi yodula chilichonse: malipiro, maola a osamalira okalamba, thandizo la ana. Akatopa kukalipa ankatembenukira kwa ine. "Esinati, iwe ukuti bwanji?" Ine, "Mwanena zoona, Mayi." Ife tinaleredwa kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, wamkulu sumutsutsa pamaso. Tsiku lina anati boma likulakwa kudula maola athu. Ndinati, "Zoona, Mayi." M'mawa mwake anati boma likuchita bwino kudula maola athu, osamalirafe tachuluka. Ine osaganiza n'komwe, "Zoona, Mayi." Anaponya nyuzi pansi. "Dzulo unavomera, lero wavomera zosiyana. Kodi ukundiona ngati mwana, kapena ngati mtembo?" Ndinati ayi, ndi ulemu chabe. Anati, "Kwathu munthu amene timamulemekeza timatsutsana naye. Bambo anga ankatsutsana ndi Mulungu amene, pathebulo, supu ikuzizira. Dokotala amandivomereza, mwana wanga amandivomereza, onse akudikira kuti nditope. Iwe usakhale nawo."

Ndinayesa, mwana wanga, ngakhale poyamba lilime linkakana. Tinayamba ndi tinthu tating'ono, ngati tiyi wawo amene ndinawauza kuti ndi madzi otsukira makapu. Anakondwa ngati ndawapatsa mphatso! Kenaka tinafika pa zazikulu. Tsiku lina ndinawauza kuti aphungu onse ndi amodzi, amatikumbukira pa chisankho pokha, ndipo kuti ine ndinakhala zaka zinayi mu hositelo ya othawa kwawo ndi mwana, osaloledwa kugwira ntchito kapena kuphika, phungu ndi mmodzi yemwe osabwera kudzationa. Iwo anati, "Pamenepo wandigonjetsa." Usiku umenewo anadya chakudya chonse osasiya kanthu. Ndiye ukamagwira ntchito ndi amayi a ndalewo, uwapatse ulemu wonse wa kwathu. Uwatchule "Mayi", upereke zinthu ndi manja awiri, Chingerezi chawo usachikonze pagulu. Koma akakufunsa maganizo, apatse maganizo. Owaombera m'manja ali nawo kale ambiri.

Ndinawafunsa tsiku lina chimene amanong'oneza nacho bondo, ndikuyesa kuti anena za mpando umene anautaya. Pajatu anautaya okha. Chipani chawo chinabweretsa lamulo lopeputsa kutulutsa anthu m'nyumba za lendi, akuluakulu n'kulamula kuti aliyense avomere. Iwo anaimirira, analankhula, anavotera kukana. Anachotsedwa m'chipani sabata yomweyo, anaima paokha pa chisankho chotsatira, n'kugwa. Pa zikwangwani zawo anthu ena analembapo mawu onyoza mtundu wawo. Koma anati zimenezo sizinawasowetse tulo, mutu ukakula sulewa nkhonya. Chimene chinkawawawa chinali cha chaka chawo choyamba. Mkulu wina wa chipani ananena nthabwala yonyoza Ayuda pathebulo la aphungu, onse n'kuseka, onse n'kuwayang'ana. "Ndipo ine ndinaseka nawo, Esinati. Ndinkafuna andikonde. Bambo anga anali adakali moyo, akusoka mabatani, ine ndikuseka." Ankanena zimenezi ali ndi zaka zoposa eyite, misozi ikutsika. Iwe kumeneko adzakutcha mzungu wakuda, adzaseka Chichewa chako. Zina useke nawo, n'zachibale. Koma nthabwala ikakhala yoti ikuchepetse iwe kapena munthu amene palibe, nkhope yako ikhale mmene ilili.

Tsopano cholakwa chachitatu, chimene sindinauzepo munthu, ngakhale abusa.

Chaka chachitatu Mayi Leya anagwa m'bafa. Sanathyoke, anangotupa chiuno. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, a Danieli, amene amakhala ku London, anabwera ndi mantha. Nthawi yomweyo maola anga anali atadulidwa, m'malo mobwera kawiri patsiku ndinkabwera kamodzi. A Danieli anaitanitsa msonkhano pabalaza: iwowo, nesi wa m'dera, bwana wanga wa ku ejensi, ndi ine nditakhala pa kampando pafupi ndi chitseko. Nkhani inali yoti Mayi Leya apite ku nyumba yosungira okalamba cha ku Lucan. M'mawa wa tsikulo, ndikuwaveka, anandigwira dzanja. "Lero ndikufuna voti imodzi yokha," anatero, "ndipo ndi yako." Anavala jekete yawo yakale ya kunyumba ya malamulo, ndipo analankhula pamsonkhanowo ngati mmene ankalankhulira kale, mfundo ndi mfundo. Anati mutu wawo uli bwino, anati chogwirira m'bafa ndi belu loitanira thandizo lovala pakhosi n'zokwanira, anati mnansi wawo wavomera kumawazonda madzulo. Zonsezo zinali zoona, ine ndinkadziwa kuposa aliyense m'chipindamo.

A Danieli anatembenukira kwa ine. "Esinati, inu ndi amene mumakhala nawo. Angathe kukhala pano?" Ndinayang'ana bwana wanga, amene sabata yomweyo anali atachotsa anzanga awiri. Ndinaganiza za iwe, unali chaka chachiwiri ku yunivesite. Ndinaganiza kuti akadzagwanso adzati ndi Esinati ananena. Ndipo pansi pa zonsezo panali mawu akale aja, akuti iwe ndani kuti ulowerere nkhani ya banja la eni, pamaso pa mwana wawo wamwamuna. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Zimene mwagwirizana akuluakulu n'zabwino." Basi. Mawu anayi okha. Mayi Leya sanandiyang'ane. Anangovula magalasi, n'kuwapinda, n'kuwaika pa miyendo.

Ndinkapita kukawaona ku Lucan Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Malowo anali aukhondo, anthu ake achifundo, sindinganame. Mayi Leya sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo bola akanandidzudzula. Ndinkayesa kuwaputa. Ndinkati tiyi wa kuno ndi wabwino kuposa wanu, iwo, "Zoona, Esinati." Ndinkati boma lino ndi labwino kwambiri, iwo, "Zoona, Esinati." Sankandibwezera ayi, ndikanadziwa. Anali atangosiya. TV inali pakhoma koma sankaikalipiranso. Ndinkatuluka m'menemo n'kukalirira pa siteji ya basi, anthu akundiyang'ana. Sabata iliyonse ndinkati Lamulungu likubwerali ndiwapepesa, ndipo Lamulungu likafika ndinkawasendera malalanje n'kukamba za nyengo. Anakhalako miyezi isanu.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa. Uthenga unandipeza pafoni ndili kwa kasitomala wina ku Santry. Ine ndi nzeru zanga ndinati maliro a munthu wamkulu chonchi, mwana ali ku London, achibale ali kutali, sangaikidwe lisanafike Loweruka. Pajatu ife kuno mtembo umakhala sabata ziwiri tikusonkhana. Ndiye Lachitatu ndinapita ku shifiti, poopa kupempha tchuthi kawiri. Sindinafunse munthu. Ayuda sagoneka maliro, mwana wanga, amaika mwamsanga. Pamene ndinkapukuta pansi m'nyumba ya munthu wina, iwo anali akukwiriridwa. Mayi amene anaima kumbuyo kwa maliro a theka la Dublin, ine amene ndinkawasambitsa sindinaponye ndi dothi lomwe. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndikulilawabe mpaka lero. Ukakhala pakati pa anthu a mwambo wina, ngakhale a kwanu amene unawasiya uli mwana, funsa. Usayese kuti ukudziwa.

Lachisanu masana ndinapita kunyumba kuja ku Terenure, kumene abale anakhala masiku asanu ndi awiri akulira. Mwa mwambo wawo, magalasi onse odziyang'anira anali ataphimbidwa ndi nsalu, a Danieli atakhala pa kampando kafupi, malaya atang'ambika pachifuwa. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi penipeni monga timachitira kwathu, ndipo palibe anandiletsa. Munabwera anthu okalamba a m'dera lawo lakale, ena ndi ndodo, kudzanena kuti mayiyu anatipezera nyumba, mayiyu analembera kalata mwamuna wanga. Anthu atachepa a Danieli anandiyitana. Sanali okwiya, anali otopa chabe. Anati, "Esinati, ndikufunseni. Tsiku lija, munkaganiza kuti akanatha kukhala pano?" Nthawi imeneyo ndiye ndinanena zoona, zitapanda ntchito. Ndinati, "Eya, akanatha." Anagwira kumaso. "Ine ndinabwera ndisanatsimikize," anatero. "Mukanati eya, ndikanawasiya m'nyumba mwawo. Ndinakufunsani inu chifukwa amayi anandiuza kuti ndinu nokha amene simuwanamiza."

Tamanda, zaka ziwiri zapita ndipo mawu amenewo sanandichoke. Ndinkadziuza kuti ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, chifukwa cha ntchito, chifukwa cha iwe. Zonsezo zilimo, koma dzina lake lenileni ndi mantha. Munthu anandipempha chinthu chimodzi chimene ndinali nacho, chosagula, ndipo ndinamumana. Ndiye mwezi watha iwe unaima m'khitchini muno, mwana wanga wobala ndekha, n'kundifunsa funso lolunjika, ine n'kuchitanso zomwezo. "Zili ndi iwe." Ndinamva mawuwo akutuluka ndipo ndinawazindikira. Galu wabwerera ku masanzi ake.

Tsono imva yankho langa.

Sindikufuna kuti upite. Ndanena. Sindikufuna ngakhale pang'ono. Iwe pasipoti yako yofiira ya dziko lino inatuluka, ine fomu yanga yofunsira pasipotiyo idakali pa mulu ku ofesi, ndipo mpaka itatuluka sindingaponde kwathu. Ukadwala malungo, amene thupi lako linawaiwala, sindingabwere kudzakufunditsa. Ukakwatiwa ndidzaonera pafoni. Ndinakutulutsa m'dziko limenelo nditakugwira dzanja, ndikuthawa zinthu zimene sindinakuuze zonse, ndipo lero ukubwererako wekha ndi sutikesi ya mawilo. Ndale za kwathu zili ndi mano, ndipo mkazi zimamuluma kawiri. Ndikuopa. Ndikuopanso nyumba ino ikadzakhala yopanda nsapato zako pakhomo, zimene ndakhala ndikukukalipirira zaka zonsezi.

Koma ukandifunsa ngati ukulakwa, ayi, sukulakwa. Kuno wayenda ndi mapepala ako ofesi ndi ofesi chaka chathunthu, anzako athawira ku Australia ndi ku Canada, iwe ukupinda majuzi mu shopu ndi digiri ya zandale. Ntchito ukupitirayo ndi yabwino, ndipo iwe ndiwe woyenera, chifukwa pakamwa pako sipanatengere ine. Unayamba kutsutsana nane usanamere mano onse. Ndinkakukalipira kuti ndiwe wamwano, pamene mumtima ndinkasirira. Choncho pita. Pita ndi madalitso anga onse, ndipo udziwe kuti akuchokera kwa munthu amene sakufuna kuti upite. Ziwirizi n'zoona pamodzi, ndipo unayenera kuzimva mwezi watha.

Ndinaganiza zoibisa kalatayi mu sutikesi kuti ukaiwerengere m'mwamba, ine ndisakuone nkhope. Koma kumeneko ndi kuyang'ananso pansi. Ndikupatsa pamanja ukangolowa, jekete usanavule, ndipo ndikhala pampando uwu mpaka umalize. Ukamaliza usandiuze kuti "It's fine, Mum," chifukwa sizili bwino. Undikalipire, ulire, unditsutse m'chilankhulo chilichonse chimene chikubwerere msanga. Tatsala ndi tsiku limodzi, mwana wanga, ndipo ine ndakonzeka kuyankha.

Ndine mayi ako,
Esinati